Momwe mungadyere thukuta la gitala mu Blantyre popanda bandi kapena kampani

Woyimba amene amaima yekha pa siteji ndi gitala ya bokosi alibe pobisala. Wa m'bandi akaphonya, ng'oma zimamukwirira. Wa nyimbo zovina naye amapulumuka, chifukwa anthu amakhala atatanganidwa ndi miyendo, za mawu alibe nazo ntchito. Koma inu amene mwasankha country ndi nyimbo zathu zofotokoza nkhani, katundu amene mukugulitsa ndi mawu a nyimboyo basi. Choncho chilichonse chimene muchite, kuyambira pogula nsambo mpaka posainira mgwirizano, chiyenera kuteteza zinthu ziwiri: kuti mawuwo azimveka, ndiponso kuti nyimboyo ikhalebe yanu.

Omvera alipo. Makolo ambiri mumzinda muno anakula akumva Jim Reeves ndi Don Williams pa wayilesi ya MBC, ndipo makutu awo anazolowera nyimbo yodekha. Njira ya kwathu nayo inalambulidwa kale: Allan Namoko wa ku Thyolo, Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu. Onsewa anaonetsa kuti nsambo zochepa ndi nkhani yogwira mtima zimakwana.

Kupeka nyimbo m'Chichewa

Apa ndi pamene pamagwa ambiri, ndiye tichedwapo. Cholakwika choyamba ndi kutenga kamvekedwe ka nyimbo ya ku Nashville, likulu la country ku America, n'kukakamizamo mawu a Chichewa. Mawu a Chingerezi ndi aafupi, pomwe athu ali ndi maphatikizo ambiri, ndipo mzere umene kwa iwo umakwana ndi maphatikizo 7 kwa ife ungafune 12. Zotsatira zake woyimba amathamangitsa mawu ngati kondakitala woitanira minibasi ya ku Ndirande. Yambani ndi mawu. Alankhuleni mokweza kangapo monga momwe mungauzire mnzanu pa khonde, mumve pamene mawu akukwera ndi pamene akutsika, kenaka nyimbo itsatire njira yomweyo.

Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, makamaka pothera chiganizo. Timati chi-KO-ndi, ku-MU-dzi. Kugunda kwamphamvu kwa gitala kukagwera pa "ndi" kapena pa "dzi", womvera amamva ngati akuyimba ndi mlendo amene waphunzira chilankhulo chathu dzulo. Palinso mawu amene tanthauzo lake limadalira kakwezedwe ka liwu, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Nyimbo ikapotoza liwulo, onetsetsani kuti mawu oyandikana nawo akumasulira chimene mukunena.

Mawu athu onse amathera ndi lembo la liwu, ndipo aneni ambiri amathera ndi "a". Kufananitsa mathero a mizere n'kosavuta mpaka kumapusitsa: kulira, kudikira, kupirira, basi munthu n'kumati wapeka. Musakhutire ndi zimenezo. Chimene chimagwira womvera ndi chithunzi. M'malo moimba kuti moyo ukuvuta, imbani za bambo amene watsika minibasi pa Ginnery Corner chifukwa yofikira ku Limbe sinakwane, akuyenda wapansi atanyamula jumbo ya mankhwala a mwana. Country yeniyeni imakhala choncho: dzina la malo, nthawi ya tsiku, kanthu kamodzi kogwirika m'manja. Ulaliki usiyireni a pa guwa. Nyimbo zathu zambiri zimafera pa vesi yachitatu pamene woyimba wayamba kulangiza dziko lonse.

Kamangidwe kodalirika ndi aka: vesi, kolasi, vesi, kolasi, gitala yokha kwa mabala 8 (bala ndi kagawo ka nyimbo, kawirikawiri ka kugunda kunayi), vesi yomaliza, kolasi. Vesi iliyonse isunthe nkhani. Yachiwiri isabwereze yoyamba ndi mawu ena. Kolasi ikhale ya mizere 4 kapena yocheperapo, ndipo ifike mphindi imodzi isanathe. Nyimbo yonse ikhale pakati pa mphindi 3 ndi 4 ngati mukufuna kuti oulutsa mawu aziyiika osaidula. Mukamaliza, imbirani munthu amene akuchapa kapena kusenda mbatata, wosakhala m'bale wanu wokukondani. Mawa lake mufunseni kolasi. Akaiwala, vuto si mutu wake.

Pekani zambiri kuposa zimene mujambule. Pa nyimbo 30, zoyenera kulipirira situdiyo zingakhale 8 kapena 10. Lingaliro likabwera muli mumsewu, lijambuleni pa foni nthawi yomweyo, ndipo madzulo lilembeni m'kope loikamo deti.

Dzanja lamanja ndiye bandi yanu

Ma chord atatu kapena anayi amakwana. Zolowerani kuwatchula ndi manambala monga amachitira oyimba a ku Nashville: 1, 4, 5 ndi 6 minor. Mu kiyi ya G ndiye G, C, D ndi E minor; mu A ndiye A, D, E ndi F sharp minor. Ubwino wake, tsiku limene mwapeza wa bass wobwereka mumangomuuza manambala, kiyi ikasintha pepala silisintha.

Kagundidwe ka country kamachokera pa chala chachikulu, chimene chimasinthanitsa nsambo ziwiri zokhuthala pamene zala zina zikukwapula zopyapyala. Pa G, gundani nsambo ya 6 (yokhuthala kwambiri ija), kwapulani, gundani ya 4, kwapulani. Pa C, ya 5 kenaka ya 4. Pa D, ya 4 kenaka ya 5. Yesererani ndi metronome ya pa foni, kachida kogunda mofanana kosungira liwiro, kuyambira pa kugunda ka 60 pa mphindi, mphindi 15 tsiku lililonse, ndipo musakweze liwiro mpaka mutatha kuyimba mawu chala chisakusokonezeka. Izi zikakhazikika, bweretsani za kwathu: kagundidwe ka manganje, ka tchopa, ka kwela. Wochokera ku Texas sangakuposeni pamenepo, pomwe inu mukamutsanzira mpaka chipewa ndi katchulidwe ka m'mphuno, mudzakhala wachiwiri nthawi zonse.

Kiyi isankhidwe ndi khosi lanu, osati zala. Pezani liwu lokwera kwambiri mu kolasi, muliyimbe m'mawa musanadye kanthu. Ngati mitsempha ya m'khosi ikutuluka, tsitsani. Kapo, kopanira nsambo zonse pa khosi la gitala, ndiyo imathandiza: zala zikagwira G kapo ili pa fret 2 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosipo), mukuyimba mu A, pa fret 5, muli mu C.

Za gitalayo: nsambo za .012 mpaka .053 ndi zimene ambiri amagwiritsa ntchito pa gitala ya bokosi, ndipo za .011 zimafewerapo ku zala. Pa fret 12, mpata wa pakati pa nsambo yokhuthala ndi fret ukhale pafupifupi mamilimita 2.5. Ukaposa 4, zala zimapweteka ndipo ma chord a kumtunda amamveka osachunidwa. Nyengo ya Blantyre imasewera ndi thabwa. Dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, thabwa limamwa chinyontho n'kutupa, nsambo zimakwera ndiponso zimachita dzimbiri msanga. Mu Okutobala limauma, nsambo zimatsika n'kumalira pa ma fret, ndipo gitala yosiyidwa padzuwa kapena m'galimoto yotseka imang'aluka kapena kumatuka guluu pa bridge, kathabwa kogwira nsambo pa bokosi. Chitsulo cha m'khosi mwa gitala, truss rod, chipotozeni kotala imodzi yokha, mudikire tsiku, muonenso. Chikalimba musakakamize; chikathyoka, kukonza kwake kungapose mtengo wa gitalayo. Pukutani nsambo ndi kansalu kouma mukangomaliza kuyimba. Akale ankamanga banjo ndi chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga, koma inu musafike pa shoo opanda paketi ina ya nsambo m'chikwama.

Kujambula

Masitudiyo ambiri m'tauni muno anazolowera nyimbo zomangidwa pa kompyuta. Mukalowa osanena chimene mukufuna, mutuluka ndi nyimbo yodzaza ng'oma za pa kiyibodi, gitala yanu ikumveka chapatali ngati ili kwa aneba. Musanalipire kalikonse, pemphani wojambula akumvetsereni nyimbo ya gitala ya bokosi imene anajambulapo. Ngati alibe, pitani kwina. Gwirizanani mtengo wa nyimbo imodzi yomalizidwa, osati wa pa ola, ndipo munene kuti mudzaloledwa kukonzetsa kangati.

Fikani mutakonzeka. Nsambo zatsopano ikani masiku awiri kapena atatu tsikulo lisanafike, chifukwa za tsiku lomwelo zimatamuka n'kumatsika pakati pa nyimbo. Maikolofoni iloze pamene khosi la gitala likukumana ndi bokosi, cha pa fret 12 mpaka 14, pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30. Ikaloza pa bowo, mawu amatuluka a mbuu, odzaza mabesi opanda tanthauzo. Poyimba, pakamwa patalikirane ndi maikolofoni ngati chikhatho chimodzi chotambasula, pakati pakhale kansalu kotchinga mpweya, chifukwa Chichewa chili ndi "ph", "th" ndi "kh" wambiri amene amawomba maikolofoni. Jambulani pa 24-bit, 44.1 kapena 48 kHz, ndipo mawu amphamvu kwambiri asapitirire -6 dB pa mita yojambulira. Mawu akasweka pojambula, n'kovuta kwambiri kuwakonza pambuyo.

Kujambulira kunyumba n'kotheka: laputopu, kabokosi kolumikizira maikolofoni monga Focusrite Scarlett kamene kamadya moto wa pa USB, maikolofoni ya condenser imene imafuna 48V, ndi pulogalamu yaulere ya Audacity. Magetsi akazima ntchito imapitirira, ndipo kunena zoona nthawi imeneyo ndiye yabwino, popeza furiji, chigayo ndi wayilesi ya aneba zonse zimakhala chete. Chipinda chopanda kanthu chimabweza mawu. Sankhani chokhala ndi bedi, makatani ndi zovala, muimike matiresi kumbuyo kwanu. Pansi pa malata mvula ikugwa musayese n'komwe.

Potuluka mu situdiyo tengani zinthu zitatu: nyimbo yomalizidwa ya WAV (fayilo yosafinyidwa ngati MP3), ina yopanda mawu anu, ndi tiraki iliyonse, ya liwu ndi ya chida chilichonse, payokha. Sungani pa fulashi ndi pa intaneti. Makompyuta a m'masitudiyo amafa, amabedwa, ndipo ena eni ake amasamukira ku Johannesburg osatsanzika.

Pepala la umwini

Nyimbo iliyonse yojambulidwa ili ndi umwini pawiri. Pali umwini wa chopekacho, kutanthauza mawu ndi kamvekedwe, ndipo pali umwini wa chojambulidwacho, chimene amati master. Mutha kukhala mwini wa choyamba koma chachiwiri n'kukhala cha amene analipira situdiyo. Ndiye akabwera bwana wina n'kunena kuti "ndikulipirira chimbale, mwana wanga", thokozani mwaulemu, kenaka funsani kuti master idzakhala ya yani, kwa zaka zingati, ndipo ndalama zake akazibweza phindu lidzagawidwa bwanji. Yankho lilembedwe. Mawu oti "mpaka kalekale" kapena oti mwapereka ufulu wonse musasainire musanaonetse munthu wodziwa malamulo.

Mukapeka ndi mnzanu, lembani tsiku lomwelo pepala losonyeza dzina la nyimbo, deti, mayina enieni a pa chiphaso cha unzika, ndi gawo la aliyense pa 100, nonse musaine. Zimaoneka ngati kusakhulupirirana pamene nyimbo ilibe ndi tambala yomwe, komatu mkangano umabuka nyimbo ikatchuka, aliyense akukumbukira zake. Woyimba bass kapena wothandizira mawu amene mwamulipira pa tsikulo asainenso kuti walandira zake.

Kenaka lembetsani ku COSOMA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo pano limagwira ntchito pansi pa lamulo la umwini wa zaluso la 2016. Ndi limene limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo, monga mawayilesi ndi malo achisangalalo, komanso ndalama ya pa zipangizo zosungira nyimbo zolowa m'dziko, n'kugawira eni ake. Kukhala membala pakokha sikukwana. Nyimbo iliyonse yatsopano iyenera kulembetsedwa payokha, dzina lake lilembedwe chimodzimodzi ndi limene mwapereka ku wayilesi. Mukalemba dzina lina uku lina uko, ndalama imasowa mwini. Ganiziraninso zolowa Musicians Union of Malawi, kumene mumamva za maphunziro ndi mwayi wina.

Wina angati n'kuvutikiranji ndi mapepala pa nyimbo imene akuimvera anthu 200. Taonani za a Chalamanda, obadwa mu 1930. Nyimbo yawo yakalekale, atayijambulanso ndi Patrick Namadingo mu 2020, inafalikira dziko lonse pa TikTok iwo atapitirira zaka 90. Nyimbo yofotokoza nkhani sikalamba msanga ngati yovina, ndipo umwini wake umapitirira kwa ana anu inu mutapita. Za nyimbo za makolo zimene mwazikonzanso, nenani poyera kuti ndi za makolo ndipo inu mwangozikonza. Musadzitche mpeki wa nyimbo imene agogo a ku Mulanje akhala akuyimba pa mtondo.

Kutulutsa

Chimbale cha nyimbo 12 chotulutsidwa tsiku limodzi ndi munthu wosadziwika chimazimirira sabata yomweyo. Tulutsani imodzi imodzi, patadutsa masabata 6 mpaka 8, chimbale chidzabwere anthu atadziwa kale zitatu kapena zinayi.

Kuti nyimbo ifike pa Spotify, Apple Music ndi Boomplay pamafunika kampani yogawa monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby. Ina imalipiritsa pachaka, ina pa nyimbo iliyonse, ndipo zonse ndi m'madola. Musanalembetse, fufuzani zinthu ziwiri: ngati khadi lanu la ku banki likuloledwa kulipira kunja, ndi njira imene kampaniyo idzakutumizireni ndalama kuno. Funsaninso chimene chimachitikira nyimbo zanu chaka chimene mwalephera kulipira, poti kwina amazichotsa. Adzafuna WAV, chithunzi cha 3000 kwa 3000, ndipo adzakupatsani nambala yozindikiritsa nyimbo yojambulidwayo, yotchedwa ISRC, ya zilembo ndi manambala 12. Ilembeni m'kope, mukadzasintha kampani idzafunika. Tumizani nyimbo masabata atatu kapena anayi tsiku lotulutsa lisanakwane.

Musawerengere ndalama ya kumeneko pa lendi. Kuyambira 2024, Spotify silipira nyimbo imene sinamvetseredwe ka 1,000 pa miyezi 12. Phindu lenileni la malo amenewa ndi loti wokonza chikondwerero kapena Mmalawi wa ku Leeds akakufunani akupezeni. Ogulitsa ma stream abodza, amene amakweza mwachinyengo chiwerengero cha omvera, athaweni, chifukwa nyimbo imachotsedwa.

Kuno kwathu nyimbo imayenda pa WhatsApp, Facebook, TikTok ndi wayilesi. Pa WhatsApp tumizani ngati document, fayilo ikhale ndi dzina lanu ndi la nyimbo, osati "final mix 3". Kanema wa foni wa masekondi 40, inu mutakhala pa khonde kuseri kukuoneka phiri la Soche kapena la Ndirande, mawu akumveka bwino, amagwira ntchito kuposa vidiyo yodula ya galimoto yobwereka. Ku MBC, Times, Capital FM, MIJ ndi mawayilesi ena, musangosiya nyimbo pa resepushoni. Mvetserani kaye sabata yathunthu, mudziwe pulogalamu imene imaika nyimbo zodekha kapena za kwathu, mupite kwa woulutsa wake ndi MP3 ya 320 kbps ndi mbiri yanu ya mizere isanu. Nenani kuti mutha kubwera ndi gitala kudzayimba pompo. Ndi mwayi umene wa bandi ya anthu 8 alibe.

Siteji ndi ndalama

Yambirani malo aang'ono amene anthu amabwera kudzamvetsera, monga Jacaranda Cultural Centre ndi Kwa Haraba, ndi masiku a alakatuli, chifukwa okonda ndakatulo ndi amene amatchera khutu ku mawu. Holo yaikulu ngati Robin's Park kapena Comesa musaithamangire. Anthu 60 m'chipinda cha anthu 50 ndi chikondwerero, koma anthu 60 omwewo m'holo ya mazana ndi maliro. Zikondwerero monga Blantyre Arts Festival, Tumaini ya ku Dzaleka ndi Lake of Stars zimasankha oyimba miyezi ingapo zisanachitike, ndipo chimene amafuna kuona ndi kanema wa inu mukuyimba pamaso pa anthu.

Ndalama yodalirika ili ku maukwati, zinkhoswe, madina a makampani, mahotela ndi kuphunzitsa ana gitala Loweruka m'mawa. Kumeneko adzakupemphani nyimbo za eni ake zotchuka, ndiye khalani nazo 20 kapena 30, koma pa nyimbo zitatu zilizonse lowetsanipo yanu imodzi. Gawo la mphindi 45 limadya nyimbo 10 mpaka 12. Musatsatanitse zitatu za kiyi imodzi ndi liwiro limodzi, ndipo yachisoni kwambiri ikhale pakati, osati poyamba.

Pokambirana mtengo werengani zonse: mayendedwe popita ndi pobwera usiku pamene minibasi zasiya ndipo mukufunika takisi, nsambo, wokuthandizani kunyamula, ndi maola oyeserera. Theka lilipidwe pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lisanafike, lotsala musanakwere siteji. Uthenga wa pa WhatsApp wonena deti, malo, nthawi yoyamba ndi yomaliza, mtengo, ndi amene abweretse zokuzira mawu ndi umboni wokwanira. Mukagwirizana zogawana za pakhomo, ikani munthu wanu pakhomopo ndi matikiti a manambala, ndipo mumvane kale kuti gawo lanu likuchokera pa ndalama yonse kapena yotsala atachotsa zowonongedwa. Kusiyana kwake n'kwakukulu: 70 pa 100 ya zotsala ingachepe kuposa 40 pa 100 ya zonse. Shoo yokonza nokha ikhale kumapeto kwa mwezi anthu atalandira, isagundane ndi tsiku limene Bullets ndi Wanderers akukumana, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale, fizi ndi feteleza zitakokolola matumba, gwiritsani nthawiyo kupeka ndi kujambula. Funsani mwini malo ngati ziphaso zoyimbitsira nyimbo pagulu zilipo, musadzatsekeredwe anthu atalowa kale.

Zovuta za pa siteji n'zodziwika. Gitala ya bokosi ikalira "huuu", ndiye kuti mawu a sipika akulowa m'bokosi n'kubwereranso: tsekani bowo ndi chivindikiro cha labala, chepetsani mabesi cha pa 100 mpaka 250 Hz, ndipo musaime kutsogolo kwa sipika. Gitala ikayamba kumveka mosasa kapena kudukiza, kawirikawiri ndi batire ya 9V ya m'kati. Yendani ndi ina, pamodzi ndi waya wanuwanu wa jack. Maikolofoni musaigwire kumutu, kumeneko ndi kuitana mluzu. Poyesa zida uzani wosakaniza mawu kuti liwu likhale pamwamba pa gitala, mutume munthu akaime kumbuyo kwa chipinda anene ngati akumva mawu aliwonse. Konzekeraninso nyimbo zitatu zimene mungayimbe popanda magetsi, mutatsika pa siteji n'kulowa pakati pa anthu.

Khosi nalo ndi chida. Chiperoni cha mu Juni ndi Julayi ndi fumbi la mu Okutobala zimalitsekereza. Imwani madzi ofunda kuyambira m'mawa wa tsiku la shoo, ng'ung'udzani chapansipansi mphindi 10 musanayimbe, ndipo mukatsika pa siteji musakakuwe m'phokoso la m'bala, poti kumeneko ndi kumene mawu ambiri amathera. Mawu akasasa kupitirira masabata awiri, pitani kuchipatala akakuoneni pakhosi, ndipo shoo za masiku amenewo zisuntheni.